Dzuwa likalowa, wa njinga agona kuti?

Pa 22 April 1884, mwamuna wina wa zaka 29, dzina lake Thomas Stevens, ananyamuka mu mzinda wa San Francisco ku America atakwela njinga imene inu na ine tikanaiona lelo tikanaseka mpaka kugwila m'mimba. Wilo la kutsogolo linali lalitali mainchesi 50, lofika pa cifuwa ca munthu wamkulu, ndipo la kumbuyo linali kang'ono ngati la wilibala. Inalibe cheni, inalibe magiya. Mapedulo anali omangilila pa wilo lalikululo. Matayala anali a labala wolimba, osapopa, cifukwa tayala ya mpweya ya Dunlop inabwela mu 1888. Mu kacola kamene anamanga pa mahandulo munali masokosi, shati imodzi yosinthila, jasi la mvula na kamfuti. Basi. Jasilo ndilo linali tenti yake, ndilonso linali cofunda.

Anafika ku Boston pa 4 August, atadutsa America yense kucokela ku nyanja ya kumadzulo mpaka ya kum'mawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 6,000. Mabuku amakonda nambala imeneyo, na kumuombela m'manja kuti ndiye anali woyamba. Ine imene imanigwila mtima ni nambala ina: ulendowo unatenga masiku opitilila 100. Tsiku lililonse la masikuwo linali na madzulo ake, ndipo dzuwa likapendeka munthu uyu anali na funso limene aliyense woyenda ulendo wautali alidziwa, kaya ni wa malasha wocokela ku Chongwe kapena mayi amene basi yawafela pa Kacholola: lelo nigona kuti, ndipo kwa ndani? Kuchova umachova na miyendo yako, koma pogona pali m'manja mwa anthu ena, anthu osakudziwa. N'cifukwa cake nikamawelenga mbili ya maulendo a njinga, nimayang'ana kwambili za usiku.

Masiku amenewo kumadzulo kwa America kunalibe miseu yeniyeni. Kunali njila za ngolo, mcenga, matope, na njanji imene inamalizidwa mu 1869. Stevens anatsata njanjiyo, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse anayenda pansi akukankha njinga. Njanji yomweyo ndiyo inamupatsa pogona. Makampani a sitima anali atamanga tunyumba m'mbali mwake, patalipatali, mmene munali kukhala kapitawo na gulu la okonza njanji, ambili a iwo ocokela ku China. M'cipululu ca Nevada, kumene ungayende maola ambili osaona munthu, kanyumba kotele kanali kutanthauza madzi, cakudya na denga. Kwina anagona m'mafamu a ng'ombe, kwina m'tumahotela twa m'matauni. Conco mtunda wa tsiku unali kudalila pamene pali nyumba yotsatila. Ukafika pa kanyumba dzuwa likali pamutu, uyenela kusankha: kugona pomwepo n'kutaya theka la tsiku, kapena kupitiliza n'kupezeka mumdima pakati pa sanga. Amene anachovapo na katundu pa mseu wa Great East, pa mapili a pakati pa Rufunsa na Luangwa Bridge, masamu amenewa awadziwa.

Atafika kum'mawa, magazini ya zamasewela yochedwa Outing inamutenga kukhala mtolankhani wake. Kumbuyo kwa magaziniyo kunali Albert Pope, mwini kampani imene inapanga njinga ya Columbia imene Stevens anali kukwela. Ndalama zitapezeka, ulendo unakula kukhala wozungulila dziko lonse. Mu May 1885 ananyamuka ku Liverpool. England, France, Germany, Austria na Hungary anadutsamo bwinobwino. Mahotela analipo, ndipo m'matauni ambili anyamata a makalabu a njinga anali kumucingamila na kumupelekeza.

Nkhani inayamba kukoma atawoloka pa Constantinople, umene lomba ni Istanbul, n'kulowa mkati mwa Turkey na Persia, dziko limene masiku ano ni Iran. Kumeneko funso la pogona anali ataliyankha kale, zaka mahandiledi ambili njinga isanapangidwe. M'njila za amalonda munali nyumba zochedwa khan kapena caravanserai. Ganizilani bwalo lalikulu la makona anayi, lozingidwa na cipupa citalitali, geti imodzi cabe imene amatseka usiku, ngamila na abulu pabwalo, tuzipinda m'mbali monse. Anali kuzimanga motalikilana mtunda umene ngamila yosenza katundu ingayende pa tsiku, makilomita 30 kapena 40. Zambili zinamangidwa na mafumu na anthu olemela monga nchito ya cifundo. Kacipinda unali kukapeza kopanda kanthu: coyala ni cako, moto ni wako, cakudya ni cako. Kumidzi kumene kunalibe nyumba zotele, mlendo anali kupita kwa mkulu wa mudzi, amene anali kumupezela pogona na kumudyetsa.

Stevens anali kulipila m'njila imene sanayembekezele. Anthu kumeneko anali asanaonepo njinga. Akangofika, mudzi wonse unali kusonkhana n'kumuumiliza kuti akwele iwo aone, olo pamalo pali miyala yokhayokha. Akakwela kamodzi, ofika mocedwa naonso afuna kuona. Akalowa m'cipinda, anthu amutsatila, ena pakhomo, ena pa windo, kupenyelela mmene adyela na mmene avulila nsapato. M'buku lake, Around the World on a Bicycle, limene linatuluka m'magawo awili mu 1887 na 1888, amadandaula za izi mobwelezabweleza. Kutopa kwake nikumvetsa. Munthu wachova tsiku lonse afuna kutambasula miyendo, osati kuonetsa masewela. Cimene cimanibaya ni kalembedwe kake ka anthu amene anamusunga. Kambili amawalemba monga auve, aphokoso, osadziwa kanthu. Utitili sinikana kuti unaliko. Koma anadya buledi wao na mkaka wao wowawasa, anagona pansi pa denga lao, ndipo amayi amene anaphika cakudyaco sachulidwa maina, pamene akazembe na maofesala amene anamwa nao tiyi ali m'bukumo na maina ao.

Nyengo yozizila anaithela ku Tehran, kumene anachovako pamaso pa mfumu ya dzikolo, Naser al-Din Shah. Anthu amene anamuthandiza kwambili ku Persia anali a telegalafu. Panali waya wotumizila mauthenga wocokela ku London mpaka ku India, ndipo m'mbali mwake munali masiteshoni na anchito amene anali kulandila Mngelezi mnzao na manja awili. Mu March 1886 ananyamukanso. Boma la Russia linamukaniza kudutsa ku Siberia, ndiye analowa mu Afghanistan popanda cilolezo. Ku Farah anamugwila. Coseketsa n'cakuti ukaidi umenewo unali pakati pa malo abwino amene anagonako pa ulendo wonse: anamusunga m'munda wa maluwa na zipatso, akumudyetsa bwino, asilikali ali pa geti, mpaka anamupelekeza kubwelela ku malile a Persia. Kuti afike ku India anacita kuzungulila na sitima ya pamadzi na ya pamtunda mpaka ku Karachi.

Ku India anapumula. Kucokela ku Lahore mpaka ku Calcutta kunali mseu wosalala wochedwa Grand Trunk Road, makilomita opitilila 2,000, ndipo m'mbali mwake boma la atsamunda linali litamanga nyumba zochedwa dak bungalow, zogonamo akuluakulu a boma akakhala pa ulendo. Ukafika upeza bedi, madzi osamba, wophika, na mtengo wodziwika kale. Malesiti hausi amene tinapeza pa maboma athu ni acibale a nyumba zimenezo. Ku China zinthu zinavuta: m'tauni ina gulu la anthu linamuthamangitsa na miyala, ndipo anapulumukila mu ofesi ya woweluza wa tauniyo, amene anamucotsa na asilikali. Ku Japan anapeza miseu yabwino na nyumba za alendo zaukhondo. Pa 17 December 1886 anafika ku Yokohama, atachova makilomita pafupifupi 21,700.

Kulimba mtima kwa Stevens sinikukana. Koma mukaona mndandanda wa malo amene anagonako, njanji, telegalafu, dak bungalow, nyumba za akazembe na amishonale, muona kuti mbali yaikulu ya mabedi ake inali itayalidwa kale na maboma a azungu. Khungu lake na makalata a m'thumba mwake zinali kutsegula zitseko. Mmwenye wa ku Lahore akanatenga njinga yomweyo kulowela ku London, siniganiza kuti akanapeza bedi limodzi mwa khumi a mabedi amenewo.

Ku England kweniko a njinga anali atayamba kale kukonza za pogona mwa dongosolo. Mu 1878, ku Harrogate, anakhazikitsa Bicycle Touring Club, imene mu 1883 inakhala Cyclists' Touring Club. Sitima zinali zitapha bizinesi ya mahotela a m'mbali mwa miseu, cifukwa ngolo za mahachi zinaleka kupitako, ndipo a njinga ndiwo anabweletsanso makasitomala. Kalabuyo inali kugwilizana na eni mahotela pa mitengo ya bedi na cakudya, n'kulemba zonse m'kabuku ka mamembala. Hotela ikavomela, anali kukhoma pa cipupa cizindikilo ca citsulo, wilo la mapiko atatu. Zina zikalipo mpaka lelo. Njinga ya mawilo ofanana na cheni, monga izi tili nazo, itafala, mamembala anapitilila 60,000 pofika 1899.

Koma cizindikilo pa cipupa si ndiye kuti aliyense alowa. Mu October 1898 mayi wina wolemekezeka, Lady Harberton, anaima na njinga yake pa Hautboy Hotel ku Ockham atavala covala ca miyendo iwili m'malo mwa siketi yaitali. Mwini hotela, Martha Sprague, anawakaniza kudyela m'cipinda ca alendo, n'kuwalozela ku bala kumene amuna anali kumwa na kukoka fodya. Kalabu inatengela nkhaniyo ku khoti, cifukwa lamulo la ku England linali kukakamiza mwini hotela kulandila wa paulendo. Mu 1899 mlandu unaluza: khoti inaona kuti cakudya sanamanidwe, anangouzidwa kodyela. Atsikana amene amaimbilidwa mluzu pa siteshoni cifukwa ca zimene avala, nkhani iyi si yacilendo kwa inu. Caka ca 1897 naconso cili na yake. Asilikali 20 akuda a gulu la 25th Infantry anachova kucokela ku Fort Missoula mpaka ku St. Louis, makilomita opitilila 3,000 m'masiku 41, poyesa ngati njinga ingagwile nchito ya nkhondo. Anali kugona m'tumatenti tumene anali kumanga pa mahandulo. Ku Missouri mlimi wina atamva kuti ni asilikali a boma limene linagonjetsa eni akapolo zaka 32 kumbuyoko, anawacotsa pamalo pake.

Manje tibwele kwa munthu amene anadutsa pakhomo pathu. Kazimierz Nowak anabadwa mu 1897 ndipo anali kukhala ku Poznań, m'dziko la Poland. Anali kalaliki mu kampani ya inshuwalansi, ndipo nchito itavuta anaganiza zodyetsa mkazi wake Maria na ana ao awili mwa kuyenda na njinga, kujambula zithunzi na kulemba nkhani zogulitsa ku manyuzipepala. Mwa mau ena, anali hasila. Pa 4 November 1931 anacoka panyumba, ndipo pa 26 November anatsika sitima ku Tripoli, mu Libya, na njinga ya Brennabor imene inali itagwila kale nchito zaka 7. Kumbuyo kwake kunalibe Albert Pope. Thandizo limene analandila linali matayala ocokela ku kampani ya Stomil. Ku Poland kunali bungwe limene linali kulimbikitsa kuti dzikolo nalonso lipeze maiko olamulila mu Africa, ndipo munthu wodutsa Africa yense akanakhala wofunika kwa iwo, koma silinamuthandize. Nkhani zake zinali kudzudzula utsamunda, maka-maka umbombo wa azungu ofunafuna miyala ya mtengo wapatali na kupulula nyama.

Anayamba na kulowa m'cipululu ca Sahara. Atafika pa kasupe wa Maradah mu 1932, akuluakulu a boma la Italy, amene anali kulamulila Libya, anamubweza kuti adzele m'mbali mwa nyanja mpaka ku Alexandria. Kucoka kumeneko anatsata mtsinje wa Nile, kudutsa Sudan, dela la nyanja zikuluzikulu na Congo. Pogona pake kawilikawili panali mu tenti. Akafika pafupi na tauni ya azungu anali kukonda kukhoma tenti kunja kwake, mbali ina cifukwa ndalama za hotela analibe, mbali ina cifukwa sanali kumasuka nao. Naonso sanali kudziwa pomuika. Mzungu wa nthawi imeneyo anali kuyenda pa motoka, kapena na gulu la amtengatenga. Mzungu wofika yekha, wakuda na fumbi, zovala zong'ambika, akukankha njinga yakutha, anali kucititsa manyazi anzake pamaso pa anthu amene anali kuwalamulila. Kumidzi ndiko anali kupeza cakudya, mwa kugula kapena kusinthanitsa, ndipo kumene mtima wake unali kupumulako kunali ku mamishoni a ansembe a kwao. Dziko lathu linali nao: m'zaka zimenezo ansembe a ciJesuit a ku Poland anali ku Kasisi, ku Katondwe, ku Chingombe na ku Broken Hill, imene lomba ni Kabwe.

Asanafike kumapeto kwa Africa, anatsika kucokela ku Katanga n'kudutsa Northern Rhodesia kulowela ku Victoria Falls. Yesani kuona dzikolo mmene linalili. Likulu linali likali ku Livingstone, cifukwa Lusaka inakhala likulu mu 1935. Cuma ca dziko lonse lapansi cinali citagwa, mtengo wa kopa unali pansi, ndipo migodi monga Bwana Mkubwa, Mufulira na Nchanga inali itatsekedwa. Mu 1930 anthu akuda ogwila nchito m'migodi anali opitilila 30,000, koma pofika kumapeto kwa 1932 anatsala osakwana 7,000. Enawo anapita kuti? Ambili anali pamseu. Conco Nowak sanali yekha m'njila. Anali mmodzi mwa amuna masauzande amene nchito inawathela, oyenda mitunda itali-itali, ofunsa funso lomwelo dzuwa likalowa.

Kusiyana kunali pa yankho. Nowak, olo anali wosauka, akanakhala na ndalama hotela ikanamulandila. Ambuya athu hotela inali yotseka, kaya ali na ndalama kapena ayi. M'matauni a m'mbali mwa njanji mwamuna wakuda anafunika kuyenda na citupa, kuyenda usiku kunafunika pasi, ndipo kugona mu komboni ya mgodi popanda cilolezo kunali kupalamula. Zitupa zomwezo n'zimene anthu anatentha mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha. Conco wa paulendo anali kudalila zina: m'bale wa m'bale, munthu wa kumudzi kwao amene ali na kacipinda, cimbuya ca Angoni na Abemba cimene cimalola munthu kulowa m'nyumba ya mnzake na nthabwala pakamwa, kapena moto wa gulu m'mbali mwa njila poopa mikango. A ku Fort Jameson, imene lomba ni Chipata, anali kuyenda pansi mpaka ku Salisbury. Amene zinamuyendela anali kubwelela na njinga, Raleigh kapena Humber, sutikesi pa kaliyala, ulendo wa masiku ambili. Amenewo anali maulendo a njinga a mtunda wautali mwa muyeso uliwonse, kungoti eni ake sanali kutumiza nkhani ku magazini.

Ambuya anga aamuna anali mmodzi wa iwo, ndipo malamulo opemphela pogona anali kuwachula monga katekisimu. Ufike dzuwa likali, cifukwa wofika mumdima ni mfiti kapena kawalala. Utsike panjinga usanalowe m'mudzi, uziikankha, anthu akuone nkhope. Ufunse kwa amfumu, osangogogoda pa nyumba imene yakukomela. Ukafika, odi, ukhale pansi, ulonjele, unene kumene wacokela, mwana wa yani, upita kuti. Za pogona usafulumile kuchula, eni ake adzaona okha kuti kwada. Njinga imagona m'nyumba ya amfumu, iwe ku gowelo na anyamata. Ambuya anali kuseka pofika apa: njinga ili m'nyumba kuti isabedwe, komanso kuti iwe usabe kanthu n'kuthawa usiku. M'mawa usacoke osalaila, ndipo ngati uli na kamcele kapena kasopo, usiye kwa amayi a pakhomo. Akulu amati mlendo ni mame. Anthu amakonda kuumva mwambiwo monga wolangiza mwini nyumba kuti apilile, koma ambuya anali kuti ulangizanso mlendo kuti dzuwa likatuluka asapezeke akali pamphasa.

Ine malamulo amenewa ninawayesako ulendo wina wopita kum'mawa, ndipo akali kugwila nchito, kungoti masiku ano amfumu amafunsanso leji, ndipo kambili amakupeleka kwa ahedi a sukulu kuti ugone m'kalasi. Sinifuna kukunamizani kuti kale zonse zinali uci. M'zaka za m'ma 1930, kumpoto kwa dziko lino kunafala mphekesela za banyama, anthu amene anali kunenedwa kuti amagwila anzao n'kuwacotsa magazi. Mlendo aliyense, maka-maka wogwilizana na boma, anali kukayikilidwa. Ife a lelo tilibe cowaseka. Kuciyambi kwa 2020, mantha a gassing atayambila ku Chingola n'kufalikila dziko lonse, magulu a anthu m'makomboni na m'midzi anamenya na kupha anthu ambili, ena mlandu wao unali cabe wakuti nkhope yao sinali yodziwika pamalopo. Masabata amenewo munthu wofika madzulo na njinga na cola cacikulu akanakhala pa ngozi yaikulu kuposa Stevens ku China. Mwambo wolandila mlendo ulipo, koma mantha akabwela umatha msanga, ndipo amene amavutika ni wosauka woyenda pansi kapena panjinga, cifukwa wa motoka amangokweza magalasi n'kupita ku loji.

A njinga ocokela kunja akali kudutsa. Kuyambila mu 2003 pali ulendo wochedwa Tour d'Afrique, wopita ku Cape Town, umene poyamba unali kunyamukila ku Cairo, makilomita pafupifupi 12,000 m'miyezi inayi. Amalowela ku Chipata, kudutsa Lusaka, n'kutulukila ku Livingstone. Iwo funso la pogona analigula kale: malole amanyamula matenti na wophika, ndipo malo ogona amadziwika ulendo usanayambe. Mtengo wake ni ndalama zimene ambili a ife sitinazigwilepo. Pamseu womwewo amapambana na anyamata onyamula masaka anayi a malasha pa njinga yopanda magiya, amene amagona pa khonde la shopu n'kudzuka 3 koloko kuti afike mu tauni kusanatenthe.

Nowak anafika ku Cape Agulhas, kumapeto kwenikweni kwa Africa, mu April 1934. Angelezi anamupatsa mwayi wa tikiti ya sitima yobwelela kwao, iye anakana, n'kutembenuza njinga kulowela kumpoto kudzela njila ina. M'dziko limene lomba ni Namibia njingayo inathelatu. Munthu wina wa kwao wokhala kumeneko anamupatsa hachi, ndipo anayenda pa mahachi makilomita pafupifupi 3,000 mpaka ku Angola. Kenako anakwela bwato limene analicha Poznań I. Linasweka pa mathithi, iye n'kuyenda pansi makilomita mahandiledi. Anapeza bwato lina, analicha Maryś potengela dzina la mkazi wake, n'kutsika nalo mitsinje ya Lulua, Kasai na Congo mpaka ku Léopoldville, imene lomba ni Kinshasa, mu September 1935. Kucoka kumeneko anachovanso mpaka ku nyanja ya Chad, anadutsa Sahara pa ngamila kwa miyezi isanu, ndipo makilomita 1,000 omaliza, kucokela ku Ouargla mpaka ku Algiers, anawamaliza panjinga mu November 1936. Zonse pamodzi zinakwana makilomita 40,000 m'zaka zisanu, na zithunzi zopitilila 10,000.

Atawoloka nyanja n'kufika ku France, ndalama zinali zitatha. Amene anamusunga anali anthu a kwao ogwila nchito m'migodi ya malasha pafupi na Saint-Étienne, ndipo anali kuwajambula zithunzi kuti apeze ya ulendo. Ndalama ya tikiti yomaliza anacita kukongola ku ofesi ya kazembe wa Poland. Anafika ku Poznań kutatsala masiku awili kuti Khilisimasi ya 1936 ikwane. Pa bedi lake anagonapo miyezi yosakwana 10, ndipo ina mwa miyeziyo anaithela m'cipatala. Malungo anali atamufooketsa, mwendo unafunika opaleshoni, ndipo ali m'cipatala anadwala cibayo. Anamwalila pa 13 October 1937, ali na zaka 40.

Kwao anamuiwala kwa zaka zopitilila 60, mpaka mu 2000 pamene Łukasz Wierzbicki anasonkhanitsa nkhani zake zakale n'kuzitulutsa m'buku. Mu 2006 mtolankhani wochuka Ryszard Kapuściński anavundukula cikwangwani ca cikumbutso pa siteshoni ya sitima ya ku Poznań, pamene ulendowo unayambila. Mu November 2009 magulu a acinyamata a ku Poland anayamba kuchova njila yake yonse mosinthana, gulu lina likatopa lina litenga, kwa zaka zopitilila ziwili, ndipo cigawo cina ca ulendo wao cinadutsa muno mu Zambia.